Nyimbo Imodzi Sachezera Gule

Akuluakulu adati nyimbo imodzi sachezera gule. Ankanena za bwalo la kumudzi, kumene usiku ndi wautali ndipo woyimba wodziwa kanyimbo kamodzi kokha amabalalitsa anthu tambala woyamba asanalire. Mwambi womwewu ndi umene ine ndimayesera chimbale. Nyimbo imodzi yokoma munthu angathe kuitola mwamwayi, n'kumveka nayo m'mabasi onse a mu Lusaka miyezi itatu. Koma kuika nyimbo zisanu ndi zitatu kapena khumi pamalo amodzi, womvera n'kukhala pansi kuyambira yoyamba mpaka yomaliza osafuna kudumpha ina, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, ndipo amisiri otere m'dziko lililonse amawerengeka.

Kunja kuno kuli chizolowezi chondandalika zimbale, ichi patsogolo, ichi pambuyo pake, mpaka kufika mazanamazana. Magazini ya ku America yotchedwa Rolling Stone inachita zimenezi mu 2003, ndipo pa zimbale 500 inaika Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles pamwamba penipeni. Mu 2020 eni magaziniyo anakonzanso mndandandawo atafunsa gulu lina la oyimba ndi olemba nkhani. Pamwamba panakhala What's Going On cha Marvin Gaye, cha The Beatles chija n'kutsikira pa nambala 24. Palibe nyimbo ngakhale imodzi imene inasintha m'zimbale ziwirizo. Anasintha ndi anthu ogwira sikelo. Choncho munthu akakuonetsani mndandanda, musanayambe kukangana naye za amene ali pamwamba, funsani kaye kuti anagwira sikelo ndani, ndipo anaima pati poyezapo.

Mkanganowu wafika ndi kuno ku Kabanana. Anyamata amakhala pa benchi kwa ometa tsitsi, kudikira kuti malaiti abwere makina ayambe kulira, foni ili m'manja akuwerengerana zimbale za Zambia zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America amati ndizo zopambana. Mayina ake sasintha: WITCH, Amanaz, Ngozi Family, Rikki Ililonga. Ena mwa anyamatawo amanyadira kuti dziko lathu likutchulidwa kutali. Ena amangoti tsabola wakale sawawa, kwa iwo nyimbo zinayamba ndi Slapdee ndi Macky 2. Mdzukulu wanga wina anabwera nalo funsolo kunyumba. Anati, "Ambuya, inu munaliko. Kodi n'zoona kuti zimenezi ndizo zinkalira m'nyumba iliyonse?" Ndinamuuza kuti zinkalira ndithu, koma osati m'nyumba iliyonse, ndiponso osati kwa nthawi yaitali.

Nyimbo zimene lero akuzitcha Zamrock zinabadwa mkuwa udakali ndi mtengo. Migodi inkalipira, makalabu a ku Kitwe, Ndola ndi Chingola ankadzaza Loweruka lililonse, ndipo anyamata amene anakula akumva Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown anapeza magitala a magetsi. Boma la a Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za kuno. Lamulo lotere limafuna nyimbo zambiri, ndipo anazipanga ndithu. Ku Ndola kunali Teal Record Company imene inkadinda malekodi, kunalinso Edward Khuzwayo ndi Zambia Music Parlour yake, munthu amene anatulutsa magulu ambiri a nthawi imeneyo. Ojambula ankapita ku dB Studios muno mu Lusaka kapena ku Malachite ku Chingola. Mu 1975 mokha munatuluka Lazy Bones!! cha WITCH ndi Africa cha Amanaz, zimbale ziwiri zimene alendo lero sachoka nazo pakamwa.

Ndinali mnyamata ku Matero masiku amenewo, ndipo pamzere wathu wonse nyumba imodzi yokha ndiyo inali ndi chowombera malekodi, cha Supersonic, zija ankapanga ku Livingstone. Mwini wake ankachisamala kuposa njinga yake. Lamlungu masana ankachitulutsa pakhonde, kupukuta lekodi ndi kansalu kofewa mozungulira, n'kuika kandalama ka ngwee pamutu pa singano kuti isamadumphe pamene lekodi inakandika. Mabatire a Spark a ku Mansa akafooka, mawu a woyimba ankayamba kukoka ngati munthu wa tulo, ndipo mwana ankatumidwa kukawayanika padzuwa. Palibe amene ankaloledwa kugwira pakati pa lekodi ndi chala. Mbali yoyamba ikatha, tonse tinkakhala chete kudikira kuti aitembenuze. Ndiko kumvera chimbale kumene ine ndikudziwa: sunkasankha nyimbo, unkalandira zonse mmene mwini anazisanjira, yokoma ndi yowawa yomwe.

Pa ziwiri za 1975 zija, Lazy Bones!! ndi chimbale cha thukuta. Emmanuel Chanda wa WITCH, amene tonse tinkamutcha Jagari, anali munthu woti umuone ndi maso pa siteji, ndipo chimbalecho chinasunga gawo chabe la moto umene ankayatsa mu holo. Africa ndi chofatsa, chomvera utakhala pansi madzulo, ndipo m'menemo muli Khala My Friend imene inakafika mpaka mu sewero la pa TV la Ted Lasso. Amanaz anatulutsa chimbale chimodzi chokhacho n'kubalalika. Ndikafunsidwa kuti pa ziwirizi chopambana n'chiti, ndimati Africa, chifukwa mulibe nyimbo yongodzazira malo. Koma ndikanena kuti chinkalira m'makomboni monse ndiye kuti ndanama. Zinali nyimbo za anyamata opita kusukulu, ovala mabuluku otambalala kumiyendo, omva Chingerezi. Amayi athu ogulitsa repu ndi kapenta pamsika sankazidziwa, ndipo sanataye kanthu pa moyo wawo posazidziwa.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, mafuta anakwera, malire a ku Rhodesia anali atatsekedwa kuyambira 1973. Kenaka nkhondo ya eni ake inatilowera m'nyumba. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda uno, kosatalikira kwenikweni ndi kuno tikukhala lero, ndipo pa kuukira kwa ku Mkushi kwa nthawi yomweyo anaphedwa Alick Nkhata, kholo la oyimba a pa wailesi, amene dzina lake lili pa msewu wodutsa ku ZNBC kulowera ku Kalingalinga. Kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi. Gulu loyimba limadya usiku, ndiye usiku ukatsekedwa lidya chiyani? Disiko inabwera n'kulanda makalabu, pakuti munthu mmodzi wokhala ndi malekodi ndi wotchipa kuposa anthu asanu okhala ndi magitala. Otsala anawamaliza ndi matenda aja a m'ma 1980 ndi 1990, amene sanasiye banja lililonse la m'komboni osalira. Pa anyamata oyamba a WITCH anatsala Jagari yekha. Anaphunzitsa sukulu, kenaka anakalowa m'maenje kukumba miyala ya mtengo wapatali.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani iyi mlendo tiyenera kumuthokoza mosabisa. Kampani ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again, ya Eothen Alapatt, inafunafuna malekodi akale, inapeza eni nyimbo ndi mabanja awo, n'kuzitulutsanso. Mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu ya moyo wa Jagari, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mkulu uja ali ndi zaka zopitirira 70. Chaka chomwecho Travis Scott anatenga kachigawo ka nyimbo ya Amanaz n'kuika mu chimbale chake cha Utopia, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake ya Noid pa Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family. Ana a ku America anayimba Chinyanja cha mu Lusaka osadziwa kuti akuti chiyani. Ife eni tinali titataya malekodi amenewo, ena atapindika ndi kutentha pansi pa malata, ena ana atawasandutsa zoseweretsa. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Komabe kalumo ka mlendo kamameta pamene mlendoyo akuona. Munthu wa ku California amamva gitala yolira mokalipa, amamva Chingerezi, amamva chinthu chofanana ndi chimene anakula nacho koma chovala zachilendo, ndipo mtima wake umagunda. Salakwa. Koma sikelo yake imayeza zinthu ziwiri: chimene khutu lake lingamve popanda womasulira, ndi chimene chinapulumuka pa lekodi yoti n'kuigula ndi kuitumiza pa ndege. Nyimbo imene mphamvu yake yonse ili m'mawu a Chibemba kapena Chinsenga, imene inatuluka pa kaseti yotsika mtengo n'kutafunidwa ndi wailesi ya mu basi, pa sikelo imeneyo silemera kanthu.

Pali munthu mmodzi amene masikelo onse awiri amamuvomera, ndiye Paul Ngozi. Dzina lake lenileni anali Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949, ndipo anakulira ku Chibolya. Iye anali wathu m'njira imene enawo sanali. Gitala yake inali yaukali kuposa ya wina aliyense, koma pakamwa pake pankatuluka Chinyanja chomwechi cha pa siteshoni ndi pa mpopi, ndipo nkhani zake zinali za mowa, ulesi, miseche, ana osamvera ndi makolo osasamala. Alendo amakonda Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977 chifukwa cha phokoso lake. Ine ndimaika The Ghetto patsogolo pa zonse zake. Ndi chimbale cha nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, moyo wa m'komboni, wonenedwa ndi munthu amene anagona m'menemo, osati wodutsa pa galimoto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Paul anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Pa mndandanda wanga The Ghetto chili pachiwiri, ndipo sindichisuntha.

Pamwamba ndikuikapo chimbale chimene m'mindandanda ya alendo simuchipeza kawirikawiri: Church Elder cha PK Chishala.

Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani mmene zaka za m'ma 1980 zinalili. Mizere ya unga, ya sopo ndi ya mafuta ophikira inkayamba m'bandakucha. Mu Disembala 1986 anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wa unga, ndipo mu Juni 1990 zinabuka muno mu Lusaka. Chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankayang'ana kumbuyo asanalankhule m'thaveni. M'zaka zimenezo nyimbo imene inagwira dziko inali kalindula, gule wochokera ku Luapula, wa besi yolemera imene imayenda patsogolo pa zoyimbira zonse. Serenje Kalindula, Masasu, Oliya, Julizya, Shalawambe, Amayenge a Chris Chali: amenewa ndiwo ankalira m'nyumba iliyonse, mdzukulu wanga akafuna yankho loona. Ankalira pa ukwati, pa chinamwali, pa thaveni ya Chibuku, m'basi ya UBZ yopita ku Chipata. Kalindula sanafunse ngati unapita kusukulu.

Peter Kalumba Chishala anabadwa mu 1957, ndipo nthomba inamulanda maso ali mwana. Anaphunzira pa sukulu ya osaona ku Mambilima, kenaka ku Sefula. Munthu ameneyu ankaona za m'nyumba zathu kuposa ife a maso awiri. Nyimbo yake ya Ba Pastor inakwiyitsa anthu ena a mipingo mpaka kupempha kuti iletsedwe, chifukwa inanena poyera za mbusa wochita zosayenera, nkhani imene aliyense ankaidziwa koma ankainong'ona. Iye sanabwerere m'mbuyo. Anabweranso ndi Church Elder, nkhani ya mkulu wa mpingo wa makhalidwe obisika, ndipo anthu omwe ankadandaula masana ankaivina usiku. Mu 1988 anakaimira Zambia ku chikondwerero cha WOMAD ku England. Pambuyo pake anayimba Common Man, kulira kwa wantchito amene malipiro ake satha mwezi, ndipo mpaka lero mtengo wa unga ukakwera nyimbo imeneyo imadzuka yokha m'mabasi popanda woiitana.

Chimene ndimamuikira pamwamba si kulimba mtima kokha. PK anali wosimba nthano. Nyimbo yake inkayamba ngati mlandu wa pabwalo: uyu ndi wakuti, anachita chakuti, mkazi wake anati chakuti. Unkaseka, kenaka pakati pa kuseka unkazindikira kuti akunena za mlamu wako, kapena za iwe amene. Ife a kum'mawa Chibemba chake chozama china chinkatidutsa, ndipo tinkafunsa anzathu a kumpoto kuti atimasulire; nawo ankayamba kukangana okhaokha za tanthauzo la mwambi umene waponya. Chimbale chimene chimachititsa Mnsenga kukagogoda kwa Mbemba kuti amuthandize kumva, m'komboni mmene mitundu yonse imatunga pa mpopi umodzi, chagwira ntchito imene ndale zinkangoilankhula pa msonkhano. PK anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ake agonera zaka makumi atatu osasasa.

Muyeso wa chimbale uli ndi chilema chake, ndipo ndisachibise. Umasiya kunja anthu amene mphamvu yawo inali pa kalekodi kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Nashil Pichen Kazembe, amene anakhala zaka zambiri ku Nairobi akuyimba ndi Peter Tsotsi, anatisiyira A Phiri Anabwera, nkhani ya munthu wobwerera kwawo wopanda kanthu atataya zaka zake kutali. Palibe wa kum'mawa wokhala mu Lusaka amene nyimbo imeneyo simulasa, pakuti tonse tinabwera kudzafuna ndalama ndipo tonse timaopa kubwerera manja ali m'thumba. Nyimbo imodziyo ndi yolemera kuposa zimbale zathunthu zambiri. Umasiyanso kunja amayi. Violet Kafula, Anna Mwale, Joyce Nyirongo, Maureen Lilanda, Angela Nyirenda, ndi Alice Chali amene anagwira Amayenge mwamuna wake atamwalira mu 2003: mawu awo ndiwo amalira pa makicheni pate ndi pa matebeto Loweruka lililonse, kumene alangizi amaphunzitsa mwana wamkazi ndi ng'oma. Olemba mindandanda ambiri ndi amuna, ndipo kumalo amenewo salowako.

Zaka za m'ma 1990 ndidutsapo msanga, chifukwa kunali chilala. Teal inaleka kudinda malekodi. Makaseti okopera anadzaza misika, woyimba n'kumaona nkhope yake ikugulitsidwa pa kantemba iye alibe ya basi. Tinkabweza tepi ndi bolopeni kuti tisunge mabatire, ndipo ikaduka tinkailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. M'mabala munkalira rumba ya ku Zaire, Pepe Kalle ndi Kanda Bongo Man, kenaka ndombolo. M'nyumba munkalira Lucky Dube, amene Slave cha 1987 ndi Prisoner cha 1989 zinakhala ngati za kuno. A kum'mawa tinkapatsirana makaseti a ku Balaka, a Paul Banda ndi Alleluya Band, ndi Son of a Poor Man cha Lucius Banda. Wina atati tindandalike zimbale zimene zinalira kwambiri ku Kabanana, osati zopangidwa m'Zambia zokha, Lucky Dube ndi Tuku Music cha Oliver Mtukudzi cha 1999 zikanakankha eni dziko ambiri.

Mvula inabwera ndi Mondo Music, kampani ya Chisha Folotiya, chakumapeto kwa zaka zimenezo, Radio Phoenix itatsegula kale mu 1996 n'kuyamba kupatsa malo ana a kuno. Ife akuluakulu poyamba tinaipeputsa nyimbo ya anawo chifukwa munalibe gulu, munali kompyuta ndi kiyibodi. Koma Chibaba cha Daddy Zemus, cha 1999, chinachita chinthu chimene ndimachilemekeza. Zemus, dzina lake lenileni Anthony Kafunya, anatenga raga ya ku Jamaica n'kuiyankhulitsa Chinyanja cha m'tauni, chosakaniza, chimene aphunzitsi ankatikwapulira, ndipo ana amene ankachita manyazi ndi chilankhulo cha kwawo anayamba kuchiyimba mokweza pa msewu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pa khomo limene iye anatsegula ndi pamene anadutsa Black Muntu, JK ndi chimbale chake cha 2001, Danny, Shatel, ndi onse otsatira mpaka Petersen Zagaze ndi Munyaule yake. Zemus anamwalira mu Januwale 2001, kutchuka kwake kutangoyamba. Chibaba ndachiika pachitatu, pamwamba pa Africa ndi Lazy Bones!!, ndipo ndikudziwa kuti osonkhanitsa malekodi a kunja angadabwe nazo. Iwo amayeza kulira kwa gitala. Ine ndikuyeza chimene chinasintha m'kamwa mwa ana a m'komboni chimbalecho chitatuluka.

Za ana a lero ndilankhula mosamala, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo iwo ndi PK sanayambire pamodzi. Slapdee, mwana wa ku Matero, anaonetsa ndi Asembe Isebenza kuti rapu ya Chinyanja ingathe kudzaza chimbale chonse. Chef 187 ali ndi lilime la Chibemba limene PK akanalimvetsera. Pilato anathawira kunja kwa dziko chifukwa cha Koswe Mumpoto, ndipo Donchi Kubeba ya Dandy Krazy inayenda ndi chisankho cha 2011 mpaka ku State House. Zimenezo ndi nyimbo zimene zinagwedeza dziko, ngakhale kuti anthu amakumbukira nyimboyo osati chimbale chake. Sampa the Great anapambana Australian Music Prize ndi The Return cha 2019, kenaka anabwerera kwawo kudzajambula As Above, So Below cha 2022, mmene analemekeza Zamrock poyera. Ndipo mu 2023, pamene Yo Maps ankatulutsa Try Again, anadzaza Heroes Stadium, bwalo lomwe lili pafupi ndi ife pa Great North Road. Tsiku limenelo mabasi a kuno anapita odzaza ndi ana athu. Palibe woyimba wa nthawi yanga amene anachitapo zotere ndi chimbale chake yekha, ndipo wonyoza zimenezo ndi wa nsanje chabe.

Koma sindiika Try Again kapena Komando, zimbale za Yo Maps, pa mndandanda wanga, osati chifukwa n'zoipa. Sizinagonere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimbale chimadziwika pamene amene anachivina ali anyamata afika poika maliro a makolo awo, pamene wailesi yaleka kuchikankha, pamene woyimbayo salinso pa zikwangwani za makampani a mafoni. Chikamaliranso pamenepo, popanda wochilipirira, ndiye kuti chili ndi fupa. Ndiponso ana a lero samvera chimbale monga chimbale. Amagula bando ya intaneti, amatsitsa nyimbo ziwiri zimene zatchuka, zina khumi ndi zisanu osazikhudza. Woyimba naye amadziwa zimenezo, ndiye amaunjika nyimbo zambiri kuti ina igwire. Sindiwaimba mlandu, pakuti ndi mmene msika wawo ulili. Koma gule wochezera usiku wonse ndi wina, ndipo wa mphindi zitatu pa TikTok ndi wina.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi si malo a munthu pa mndandanda. Ndi chakuti mdzukulu wanga uja, nditamutchulira magulu a kalindula, anafufuza pa foni yake ndipo zambiri sanazipeze zathunthu. Zamrock yonse ilipo, yoyeretsedwa bwino, ndi zithunzi ndi mbiri ya woyimba aliyense, chifukwa mlendo anaikonda. Za Oliya, Masasu, Julizya ndi Serenje Kalindula anapeza zidutswa zoikidwa pa YouTube ndi anthu achifundo, zojambulidwa kuchokera ku kaseti yotopa, zina zopanda chaka, zina dzina la nyimbo lolakwika. Mwana amene akufuna kuweruza mwachilungamo pakati pa Amanaz ndi Shalawambe sangathe, chifukwa mmodzi wafika pabwalo atasamba, winayo wafika ndi nsanza. Mndandanda uliwonse wolembedwa lero udzakomera amene anasungidwa.

Fumbi ndiwe mwini. Tili ndi National Arts Council, tili ndi ZAMCOPS yotolera ndalama za oyimba, tili ndi nkhokwe ya ZNBC mmene munajambulidwa magulu ambiri a zaka zimenezo, tili ndi National Archives. Tilinso ndi ana a m'makomboni muno odziwa kompyuta, amene amajambula nyimbo m'kachipinda kamodzi kotchingidwa ndi mathireyi a mazira. Ntchito imene Now-Again inachitira Zamrock si ya matsenga: kupeza tepi yoyamba kapena lekodi yosakandika, kupeza mkazi wamasiye kapena ana a woyimba, kulemba nawo pangano loti adyepo, kufunsa otsala amoyo kuti ankaimba besi ndani ndipo anajambulira kuti. Oimba ng'oma ndi magitala a magulu amenewo ena adakalipo, ku Mansa, ku Serenje, ku Kabwe, ena muno mu Mandevu ndi Chaisa, ndipo ndi okalamba ngati ine. Wofuna kuwafunsa ayambe chaka chino.